Galimoto ya Mpingo Imene Ndinaiwotcherera

Chikondi ndi Yamikani, ana anga, mwakhala mukundifunsa za chitsulo chadzimbiri chili pamwamba pa kabati chija, ndipo ine ndimangoyankha kuti n'cha kuntchito. Malemu amayi anu anachitayapo m'bini kawiri konse, ine n'kukachitolamo. Tsopano sipanala ndinaitula pansi, mawondo akukana masitepe, nthawi ndiye ndili nayo yambirimbiri. Ndalemba m'Chichewa dala. Iwe Yamikani uvutike nacho ndithu, ine ndinavutika ndi Chingerezi cha ku Sheffield zaka zonsezi popanda wondimvera chisoni.

Zomba, chaka chimene ndinalembedwa ntchito

Za ubwana wanga mukuzidziwa kale. Ndiyambire pa galaja ya boma ku Zomba, pamene ndinalowa ndili mnyamata woonda, ovololo ikundikhuthukira m'mapewa. Kapitawo wathu anali a Chisale, bambo wamfupi wadazi, amene kuseka kwawo kunali kosowa ngati sipeya. Ndipo sipeya zinali zosowadi. Sitolo yathu inali ndi mashelefu okongola opanda kanthu. Ukalemba pepala loitanitsa chipangizo, linkapita ku Blantyre n'kukakhala kumeneko mpaka dzinja litadutsa, kenako n'kubwera ndi mawu amodzi okha oti palibe. Pamenepo galimoto ya chipatala ili pa jeke, dalaivala akukuyendera m'mawa uliwonse. Ndiye tinaphunzira kusataya kanthu. Gasiketi tinkadula pa katoni, mphira tinkasema ku tayala lakutha, chitsulo chikang'aluka tinkachiwotcherera basi. Galimoto zambiri zinali zija zazitali zokoka ndi matayala onse anayi, zoyenda ngakhale kopanda msewu. Ndinazikonda kwambiri. Zinali ndi nthenda imodzi yokha: pamene bokosi la chiwongolero limamangidwa ku chimango cha pansi, chimene amakanika timati chasisi, pankachita kamng'alu. Malo amenewo akathyoka, chiwongolero chimangozungulira m'manja matayala osamva.

A Chisale anali ndi lamulo lawo losalembedwa m'buku lililonse. Ukakonza mabuleki kapena chiwongolero, sunkasaina khadi ya ntchito usanakwere nayo galimotoyo kuphiri la Zomba ndi kutsika, iwo atakhala pambali pako. Musananyamuke ankafunsa funso limodzi: "Amayi ako ungawakweze?" Nditakwatira, funso linasintha n'kukhala la akazi anga. Ine ndinkayesa ndi mawu chabe, mpaka tsiku lina atandiuza kuti tidzere kaye ku Chinamwali kumene tinkakhala. Anatsika, nagogoda pakhomo panga.

"Mayi, tiyeni mukaone phiri. Amuna anu akonza galimoto."

Amayi anu anatuluka akumanga chitenje, akumwetulira, poti anali asanakwerepo galimoto ya boma. Ine thukuta linali kamukamu, chifukwa nati ina ya chiwongolero ndinali nditangoimanga popanda kapini kotchinga, kapiniko katasowa m'sitolo. Atangogwira chitseko ndinati, "Bwana, tiyeni tibwerere kaye kugalaja."

"Ndimadziwa, Lasitoni," anatero a Chisale. "Kapini ndinakaona kuti palibe. Ndimafuna ndione ngati ukadziwa iwe."

Kapiniko tinakapanga ndi msomali. Amayi anu anakwiya kuti awamana ulendo, koma nditawafotokozera, nkhaniyi sanaiiwale.

Chitipa, Chikondi ali kumsana

Atanditumiza ku Chitipa ndinali kapitawo pandekha, pa kagalaja ka malata komwe mphepo inkalowa mbali zonse. Uko ndiye kunalibe ngakhale pepala loitanitsira sipeya. Galimoto zinkabwera kuchokera ku Misuku ndi ku Nthalire zitagwedezeka mpaka mabawuti kuthothoka, ndipo kamng'alu kaja ndinakawotcherera kambirimbiri. Ndinkasema mng'aluwo pang'ono, n'kuwotcherera, n'kuikapo chigamba cha chitsulo pamwamba. Palibe ngakhale chimodzi chimene chinathyoka. Madalaivala anandipatsa dzina loti Achigamba, ndipo sindibisa, dzinalo linkandikoma. Zinali zaka zabwino, ana anga. Tinkagona m'nyumba yodontha, koma ndikamaona ambulansi imene ndaidzutsa ikutuluka pa geti, ndinkadzimva kuti ndine munthu.

Sheffield, zaka zoyamba

Amayi anu atapeza ntchito ya unamwino kuno, ndinawatsatira patapita chaka, ndili ndi Chikondi kudzanja. Ine kapitawo wa boma ndinayamba ndi kutsuka galimoto za anthu, zala zitauma ndi chisanu. Amene ananditola ndi Malcolm, mwini kagalaja kena pansi pa mlatho wa njanji. Ndinamukonzera injini imene inamukanika sabata yathunthu, ndipo m'malo mothokoza anangondiponyera ovololo n'kunena kuti ndibwere Lolemba. Anali wamkulu thupi, wokonda tiyi ndi mpira, ndipo iye aliyense, ngakhale wapolisi, ankamutcha pal, ndiye kuti bwanawe. Tinkasiyana pa chinthu chimodzi. Iye chipangizo chikangolakwa pang'ono ankataya n'kuimba foni, madzulo chatsopano chafika. Ine mtima unkandiwawa kuona zitsulo zabwinobwino zili m'bini, zoti ku Chitipa tikanazivinira. Ankandiuza kuti kuno sitikonza, timasintha. Ndiye amene anandituma kukaphunzira zoyesa galimoto, mayeso a chaka ndi chaka aja amati MOT, mpaka boma linandiloleza kusaina kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Tsiku limene chilolezo chinafika, amayi anu anaphika mpunga ndi nkhuku pakati pa sabata.

Alimi a nkhosa a kumapiri ankabwera ndi galimoto zawo zakale, mtundu womwe uja wa ku Zomba. Yoyamba italowa m'galaja ndinaisisita pa boneti ngati ndakumana ndi mbale wanga. Malcolm ataona zimenezo anati zonse za mtundu umenewu zikhale zanga.

Chaka cha galimoto ya mpingo

Pa mpingo wathu, umene nthawi imeneyo tinkasonkhana mu holo yobwereka, mkulu wa mpingo anali a Banda a ku Neno, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Anali mnzanga weniweni, woti tinkadyera mbale imodzi. Chaka chimenecho mwana wa mlongo wawo anachirira pa ngolo, ali pa ulendo wotsika kuchokera ku kachipatala ka kumapiri a ku Neno kupita ku chipatala chachikulu, ndipo khandalo silinakhale moyo. A Banda anaima kutsogolo misozi ili m'maso n'kupempha kuti tigule galimoto ya kachipatalako. Anthu anadzipereka, ena mpaka kuwonjezera mashifiti. Tinapeza ya mlimi wina kufupi ndi Sheffield, yakale koma injini yake ikulira bwino. Woiyang'ana ndinali ine, nanga akanatuma ndani?

Nditaikweza m'galaja ndi kuunika pansi, ndinakapeza kamng'alu kaja, pamalo pake penipeni, kopyapyala ngati tsitsi. Sindinadandaule n'komwe. Loweruka masana, Malcolm atapita ku mpira, ndinatulutsa makina n'kuwotcherera monga ndinkachitira ku Chitipa, chigamba pamwamba, kenako n'kupakapo phula lakuda. Lolemba ndinasaina MOT ndi dzanja langa. Sindinauze Malcolm, poti ndinkadziwa kuti anena zosintha chasisi yonse, ndipo zimenezo mpingo sukanakwanitsa. A Banda sindinawauzenso. Ndinkati ndawachotsera nkhawa.

Patapita masabata awiri, kugalaja kunafika mayi wina wovala jekete yachikasu, dzina lake Hirst. Anati ndi wofufuza wa boma pa za chitetezo cha galimoto. Anafotokoza kuti galimoto zakale za mtundu uwu zayamba kutaya chiwongolero potsika mapiri, ndipo anthu avulala. Boma linkafuna kudziwa ngati vuto lili pa kapangidwe kake, kuti likakamize opanga kuziitanitsa zonse. Chomuvuta chinali chakuti zonse zimene anaziona zinali zophwanyika kale pa ngozi, moti opangawo ankati chitsulo chinathyoka chifukwa cha kugunda. Ankasakasaka imodzi yong'aluka koma isanathyoke.

"Mukaipeza musaikhudze, mungondiimbira," anatero, akusiya kakhadi pa tebulo.

"Funsani Lasitoni uyu," anatero Malcolm. "Amazidziwa kuposa amene anazipanga."

Mayiyo anandiyang'ana. "Munayamba mwauonapo mng'alu pamenepa?"

"Ku Africa, kambiri," ndinayankha.

Sindinaname, koma sindinanenenso zoona. Galimoto ya mpingo inali kuseri kwa galaja, mapazi ochepa kuchokera pamene mayiyo anaima. Atachoka ndinadziuza zambiri. Ndinati chigamba changa sichinathyokepo. Ndinati kwatsala masiku khumi kuti ikwere sitima ya pamadzi ku Liverpool, ndipo ikangochoka, boma la kuno lilibe nayo ntchito. Ndinatinso ndikaulula, chilolezo changa chapita, galimoto aigwira, amayi a ku Neno apitiriza kukwera ngolo. Zonsezi zinali zomveka ndithu, ndipo ndinagona nazo sabata yathunthu.

Lamlungu lomaliza tinaiimika panja pa holo kuti abusa aipempherere. Amayi a mumpingo anailulutira, anthu akujambula pa mafoni kutumiza kumudzi. M'kati anali atalongedzamo matiresi, zikuku za odwala ndi mabulangete. Woiyendetsa kupita kudoko Lachitatu ndinali ine, kudzera msewu wokhotakhota uja wodutsa pamwamba pa mapiri kulowera ku Manchester. Tikuyenda kupita kokwerera basi, amayi anu anati:

"Bambo a Chikondi, ndasinthana shift ndi mnzanga. Lachitatu ndili off, tipitira limodzi ku Liverpool."

"Inu mukwere train, tikakumana komweko," ndinatero. Mawuwo anangotuluka okha, ndisanawaganize.

"Train chifukwa chiyani? Mpando wakutsogolo ulibe munthu."

"Heater yake ndi yovuta. Muzizidwa."

Anaima pakati pa njira. Amayi anu, monga mukudziwa, sankakweza mawu. Anafunsa motsitsa:

"Ndi kapini kenanso?"

Sabata yonse ndinkakhulupirira kuti chigamba changa n'cholimba, ndipo mwina mutu unkakhulupiriradi, koma pakamwa panga panali patakana kale kuwakweza. Ndinawauza zonse pomwepo, basi yathu n'kutidutsa.

"Ndiye ine ndikwere train," anatero, "koma ana a eni ake akwere imeneyo potsika ku Neno, ali ndi pakati? A Chisale akanakhala moyo mukanawayankha chiyani?"

Kunyumba anandipatsa chakudya ngati masiku onse.

Lolemba m'mawa ndinauza Malcolm. Anafiira nkhope mpaka m'makutu, anatukwana mawu amene sindingalembe pano, kenako anakatenga kakhadi kaja n'kundipatsa foni. Anati ndiimbe ndekha. Mayi Hirst anafika masana. Anapala phula langa, nayang'anitsitsa chigambacho ndi tochi, n'kunena kuti sanaonepo kuwotcherera kwaukhondo chotere. Mtima unayamba kukhala pansi, ndinayesa ndapulumuka. Kenako anatulutsa kahamala kakang'ono n'kugogoda pambali pa chigamba, kutalika kwa chala chimodzi. Kahamalako kanalowa m'kati ngati wagogoda chigubu chakale, dzimbiri n'kumwazikira pa nsapato zanga.

Apo ndi pamene ndinamvetsa kulakwa kwanga. Kwathu chitsulo chimang'aluka ndi mabampu, koma m'kati chimakhala chouma ndi chathanzi, ndiye chigamba chimagwira pa chinthu cholimba. Kuno nthawi ya chisanu amathira mchere m'misewu. Mayiyo anandionetsa kuti pamalo pamenepo opanga sanasiye kabowo kotulukira madzi, choncho madzi amcherewo ankakhazikika m'kati mwa chasisi chaka ndi chaka, n'kumadya chitsulo kuchokera m'kati, kunja kukuoneka bwino. Ine ndinasoka chigamba chabwino pa nsalu yowola. Ndinali nditakhala ku Sheffield zaka zambiri, dzimbiri ndinkaliona tsiku ndi tsiku pa galimoto zina, koma nditaona kamng'alu kaja manja anga anabwerera ku Chitipa osandifunsa. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinachitanso mantha poganiza za msewu wa Lachitatu uja.

Galimoto anaigwira, nadula chidutswa cha chasisi kupita nacho kokapima. Sitima inanyamuka popanda ife. Chilolezo changa anachiimitsa kwa miyezi ingapo, ndipo anandiuza poyera kuti chikanapitiratu ndikanapanda kudziulula ndekha. Malcolm sanandichotse. Anandibwezera kosintha matayala ndi oyilo, ndipo kwa mwezi wathunthu sananditche pal.

Zowawa zenizeni zinali kumpingo. A Banda anabwera kunyumba, nakana kukhala pampando.

"A Lasitoni, mwatipereka kwa azungu. Anthu agwira ma double shift chifukwa cha galimoto imeneyi."

"Ikanapha anthu, achimwene."

"Mukudziwa bwanji? Mwina ikanayenda five years. Kwathu galimoto zake n'zotani, si zomanga ndi waya? Anthu akufera pa ngolo lero, inu mukuopa dzimbiri la mawa?"

Kunena zoona, mpaka lero ndilibe yankho lokwanira. Madzinja awiri anadutsa kachipatala kaja kalibe galimoto. M'dzinja lachiwiri mayi wina anamwalira panjira, ndipo a Banda anatchula dzina lake pa mapemphero osayang'ana kumene ndinakhala. Dzinalo ndimalikumbukira. Sindikudziwa ngati galimoto ija ikanamupulumutsa kapena ikanagwera naye kuphompho pamodzi ndi namwino ndi dalaivala. Musadzamve wina akunena kuti kuchita choyenera kumapepuza mtima nthawi zonse. Ine kunandilemera, ndipo kumpingo ndinkakhala mpando wakumbuyo.

Patapita madzinja awiri

Kafukufuku wa boma atatha, opanga analamulidwa kulembera makalata eni galimoto zonse za mtunduwo kuti akazipimitse. Alimi aja anayamba kubwera nawo makalatawo kugalaja, ndipo pa zingapo kahamala kanalowa monga kanalowera pa yathu. Mayi Hirst anabwera yekha kudzandibwezera chidutswa chija. Anati chinawathandiza, chifukwa chinali choyamba chimene opanga sakanati chinathyoka pa ngozi. Ndicho chili pa kabaticho. Mukachitembenuza muona chigamba changa chikadali chogwira bwinobwino, pambali pake pali bowo.

Tsiku lina m'mawa, ndili pansi pa galimoto, ndinaona nsapato zakuda zopolishidwa zitaima pakhomo la galaja. Anali a Banda. Panja anali ataimika galimoto ina yaitali, ya mtundu wina, imene mwini wake anawabwereka kuti aionetse kwa makanika.

"Mpingo wasonkhanso," anatero, maso ali kumbali. "Anthu amati tipite kwina. Ine ndati ayi, tipite kwa uja amakana. Mukaikana, sitigula."

Sitinapepesane, amuna a msinkhu wathu sitidziwa zimenezo. Ndinangowapatsa tiyi wa Malcolm, amene ndi chilango pachokha, ndipo anamwa yense. Galimotoyo ndinakhala nayo masiku awiri. Ndinali nditagula kahamala kanga, ndipo ndinagogoda chasisi yonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, chala ndi chala, Malcolm akudandaula kuti ndikumupweteketsa mutu. Paliponse chitsulo chinkayankha ndi mawu athanzi. Paipi imodzi ya mabuleki inali yokayikitsa, ndipo sindinaikonze, ndinaisintha.

Tsiku lopita kudoko sindinadikire kuti amayi anu apemphe. Ndinawauza kuti asinthe shifiti, ndipo m'mawa ndinawatsegulira chitseko chakutsogolo. Anakwera ndi fulasiki yawo ndi mandasi m'kapepala, n'kunena kuti ulendo wa kuphiri umene anawamana ku Chinamwali wafika mochedwa. Mukudziwa mmene ankachitira m'galimoto, phazi lili pa buleki yawoyawo ya m'maganizo, akuwerenga chikwangwani chilichonse mokweza kuti mwina sindinachione. Tinatuluka mu Sheffield, tinayamba kukwera, nkhosa zili mbali zonse, nkhungu ikuyenda m'zigwa. Titafika pamwamba, pamene msewu umayamba kutsika mokhotakhota, ndinazindikira kuti m'galimoto muli zii. Nditacheuka ndinapeza atatsamira pa windo, fulasiki ili pamiyendo, ali m'tulo.

Ndinatsika phiri lonselo pang'onopang'ono, malole akundiimbira hutala kumbuyo, ine osasamala. Sanadzuke ku Manchester, sanadzuke polowa mu Liverpool. Anadzidzimuka nditazimitsa injini pa geti la padoko, nakonza duku lawo, n'kundifunsa kuti, "Bambo a Chikondi, mapiri aja tadutsa kale?"